Kamera inazima ndikujambula agogo: kodi vidiyoyi ingachire?

Funso: "Mwezi watha ndinakhala pansi ndi agogo anga aakazi, ndikuwajambula pa kamera pamene ankafotokoza mbiri ya banja lathu. Titacheza mphindi pafupifupi 40, kamera inazima yokha, batire itatha moto. Fayilo ilipo pa khadi langa la 64 GB, ndi ya MP4, ndipo kompyuta ikuonetsa kuti ndi ya 5.6 GB, koma ikukana kutseguka. Ndayesa pa Windows, ndayesa pa VLC, osatheka. Wina anandiuza kuti ndisinthe dzina lake lithere ndi .avi, ndinatero koma sizinathandize. Agogo ndi okalamba kwambiri, sindikukhulupirira kuti angabwerezenso zonse zija. Kodi ndigule imodzi mwa mapulogalamu amene amatsatsidwa pa intaneti, kapena ndingoiwala?"

Mayi, musaiwale ayi, komanso ndalama zanu zisungeni kaye. Pa zonse zimene mwalemba, chimene chandilimbitsa mtima ndi nambala ija ya 5.6 GB. Tikaigawa ndi mphindi 40, tikupeza 140 MB pa mphindi iliyonse, ndipo umenewu ndi mlingo umene kamera wamba yojambula pa 1080p (mlingo wa kukula kwa chithunzi) imalemba. Choncho n'zotheka kwambiri kuti mawu a agogo ndi nkhope yawo zili m'fayilomo, kuyambira pachiyambi mpaka pafupi ndi pamene kamera inazimira. Chikusowa ndi kachigawo kakang'ono kamene kamauza kompyuta kuti chakuti chili pakuti.

Tisanakhudze pulogalamu iliyonse, tiyambe ndi khadilo. Ngati likadali m'kamera, litulutseni, ndipo musajambulirepo kanthu, ngakhale chithunzi chimodzi. Makhadi a SD aakulu thupi, osati ting'onoting'ono ta microSD, ali ndi kabatani kotsetsereka m'mbali kolembedwa Lock. Katsitseni musanalowetse khadilo m'kompyuta. Kunena zoona kabatanika sikatseka chilichonse mkati mwa khadi, kamangouza chowerengera makhadi kuti chisalembe, koma zowerengera zambiri zimakamvera, ndiye n'kothandiza. Windows ikakufunsani ngati mukufuna kufomata khadilo, kanani. Ikakufunsani za Scan and fix, kananinso. Funso limeneli limaoneka lachifundo, koma ntchito yake ndi kulongosola kaundula wa khadi, osati kupulumutsa vidiyo yanu. Ikapeza zidutswa zosagwirizana ndi kaundulayo, imatha kudula fayilo, kapena kuunjika zidutswazo m'foda yobisika ya FOUND.000 n'kuzipatsa mayina ngati FILE0000.CHK. Zikatero ntchito imene inali ya ola limodzi imasanduka ya mlungu wathunthu.

Koperani fayiloyo pa kompyuta, mupange makope awiri. Limodzi muliike pambali osalikhudzanso, linalo ndilo tiziyeserapo. Makope onsewo muwabwezere dzina lothera ndi .mp4. Ngati kompyuta yanu ili ndi malo okwanira, pangani kope la khadi lonse, kuphatikizapo malo amene akuoneka opanda kanthu. Pa Windows pali kapulogalamu kaulere kotchedwa Win32 Disk Imager, kamene mukadina Read kamatulutsa fayilo imodzi yaikulu ngati khadi lenilenilo, ndiye kuti pafupifupi 64 GB. Pa Linux timagwiritsa ntchito ddrescue. Anthu ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa limachedwa, koma ine sindiyamba ntchito ya munthu ndisanachite zimenezi. Chilichonse chikalakwika kutsogoloku, pamakhala pobwerera.

Tsopano ndikufotokozereni chimene chinachitika, chifukwa mukachimvetsa palibe wotsatsa malonda amene angakupusitseni. MP4 si vidiyo yeniyeniyo koma chotengera chake. Kapangidwe kake kanachokera ku QuickTime ya kampani ya Apple, imene inatuluka mu 1991, n'chifukwa chake MP4 ndi MOV zimadwala matenda ofanana. Mkati mwa chotengerachi muli zigawo zimene akatswiri amazitcha ma atom, ndipo zofunika kwa ife ndi zitatu. Choyamba ndi ftyp, kachigawo kochepa kwambiri kamene kamangonena mtundu wa fayilo. Chachiwiri ndi mdat, ndipo m'menemo ndi mmene muli katundu yense: kachidutswa ka zithunzi, kachidutswa ka mawu, kachidutswa kena ka zithunzi, kutsatizana choncho mpaka kumapeto. Chachitatu ndi moov, kalozera wa zonsezo.

Vidiyo ya mphindi 40 yojambulidwa pa zithunzi 30 pa sekondi imakhala ndi zithunzi 72,000. Kalozerayu amasunga za chithunzi chilichonse: pamene chikuyambira, kukula kwake, nthawi imene chiyenera kuoneka, ndi mawu amene akuyenda nacho. Amasunganso malangizo a mmene zithunzizo zinapanikizidwira, amene popanda iwo pulogalamu singadziwe n'komwe kutalika ndi kufupika kwa chithunzi. Vuto ndi lakuti kamera singalembe kalozera wathunthu isanadziwe pamene vidiyo ithere. Ndiye pojambula imathira katundu mu mdat mosalekeza, kalozerayo n'kumamusunga m'mutu, ndipo imamulemba pa khadi pokhapokha mwadina batani loimitsa. Zili ngati kalaliki wa m'nyumba yosungira katundu amene tsiku lonse akulandira matumba osalembedwa kanthu, akuloweza pamtima thumba lililonse, n'cholinga choti alembe m'buku poweruka. Akakomoka nthawi yoweruka isanakwane, matumba onse alimo, koma buku ndi loyera. Kamera yanu inakomoka isanalembe m'buku.

Apa mutha kuona chifukwa chake malangizo osintha dzina aja sanagwire. Anthu amene amawafalitsa anamva chinthu choona koma anachiika pa malo olakwika. VLC ili ndi njira yokonzera kalozera wa mafayilo a AVI, imene imapezeka m'makonzedwe ake pa Input / Codecs. Imatheka chifukwa mu AVI kachidutswa kalikonse kamakhala ndi chizindikiro chake ndi kukula kwake, moti pulogalamu ikhoza kuyenda nazo n'kuwerenganso zonse. Mu MP4 zizindikiro zoterozo mulibe, ndipo kusintha dzina sikusintha zamkati. Mbuzi siisanduka nkhosa chifukwa mwaitcha nkhosa. Mwayi wake, kusintha dzinako sikunawononge kanthu.

Tisanapereke mankhwala tiyeze kaye wodwala. Tsitsani FFmpeg, pulogalamu yaulere imene inayambitsidwa ndi Fabrice Bellard m'chaka cha 2000, ndipo mapulogalamu ambiri a vidiyo amene mumawadziwa amaidalira. Imabwera ndi inzake yotchedwa ffprobe. Tsegulani Command Prompt, kawindo ka Windows kolembamo malamulo, m'foda imene muli kope lanu, tinene kuti mwalitcha agogo.mp4, ndipo lembani:

ffprobe agogo.mp4

Padzatuluka mizere yambiri, koma inu mufunefune mawu akuti "moov atom not found". Mukawaona musadandaule. Kwa ife okonza, amenewa ndi mawu abwino, chifukwa akutsimikizira kuti nthenda ndi imene tikuiganizirayi.

Kuyeza kwachiwiri n'kumene ndimakukonda kwambiri, chifukwa munthu amaona ndi maso ake. Pali kapulogalamu kaulere ka HxD kamene kamaonetsa zamkati mwa fayilo iliyonse. Mukatsegula kope lanu, kumanzere mudzaona manambala ndi zilembo ziwiriziwiri, kumanja zilembo zosamveka. Pa mzere woyamba, kumanjako, payenera kuoneka mawu akuti ftyp, ndipo pang'ono pansi pake mdat. Kenako kokerani pakati pa fayilo, mukokerenso chakumapeto, muyang'ane malo asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukaona chipwirikiti cha manambala osiyanasiyana, monga 3F A1 07 E9 osabwerezabwereza, dziwani kuti imeneyo ndi vidiyo. Vidiyo yopanikizidwa imaoneka ngati zinyalala. Koma mukapeza 00 00 00 00 kapena FF FF FF FF masamba ndi masamba osatha, pamenepo palibe chimene chinalembedwa, ndipo palibe pulogalamu padziko lino, yaulere kapena yogula, imene ingatulutse nkhope ya agogo pa ziro. Madzi akatayika saoleka.

Chenjezo limodzi pa HxD. Mukafufuza mawu akuti moov m'fayilo yaikulu chonchi, mutha kuwapeza mwangozi pakati pa chipwirikiticho, poti ndi zilembo zinayi zokha pakati pa mabiliyoni. Kalozera weniweni amatsatiridwa pafupi pomwepo ndi mawu akuti mvhd, kenako trak. Ngati zimenezo palibe, ndi mwangozi chabe. Ndipo musasinthe kanthu m'menemo, ingoyang'anani.

Tinene kuti mwapeza chipwirikiti chabwinocho. Njira yoyamba, imene anthu amaiwala, ndi kamera yomweyo. Makamera ena amazindikira kuti anasiya fayilo yosamaliza ndipo amaimaliza okha mukabwezeramo khadi n'kuyatsa. Makamera a GoPro amachita zimenezi, ndipo ma drone ambiri nawonso amatero. Makamera ena a Sony amasiya fayilo yothera ndi .RSV, ena a Panasonic yothera ndi .MDT, ndipo mafayilo amenewa ndi katundu yemwe uja wosowa kalozera. Kuti muyese njirayi, fayilo ya pa khadi iyenera kukhala ndi dzina lake loyambirira ndi m'foda yake yoyambirira, batire ikhale yodzaza, kabatani ka Lock kakhale kotsegula. Poti kamera ilemba pa khadi, musayese musanapange makope aja. Kamera ikafunsa ngati ikonze fayilo, vomerani. Ikangokhala chete, zimitsani, tulutsani khadi, tipite kwina.

Kwinako ndi untrunc, ndipo pa vuto lanuli ndi imene ndikuidalira. Ndi pulogalamu yaulere imene inalembedwa koyamba ndi Federico Ponchio, kenako ena anaiwonjezera mphamvu. Imene ndikukulangizani ndi ya pa webusaiti ya mapulogalamu ya GitHub pansi pa dzina la anthwlock, poti ndi yachangu, imatha mafayilo aakulu, ndipo ya Windows ili ndi kawindo kodina m'malo molemba malamulo. Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Poti fayilo yanu ilibe kalozera, untrunc imabwereka nzeru kwa fayilo ina yabwino yochokera m'kamera yomweyo. Kuchokera m'fayilo yabwinoyo imaphunzira malangizo a kapanikizidwe, liwiro la zithunzi, mtundu wa mawu, ndi mmene kamerayo imasanjira zidutswa zake. Ikatero imalowa mu mdat ya fayilo yodwalayo n'kuyamba kuyenda kuchokera pachiyambi, kuzindikira chithunzi chimodzichimodzi, mpaka italemba kalozera watsopano.

Zimatheka chifukwa zithunzi za H.264 ndi H.265, imene ndi mitundu ya kapanikizidwe ka vidiyo, zikakhala mu MP4, kachidutswa kalikonse kamayamba ndi nambala yonena kutalika kwake. Pulogalamu ikapeza poyambira, imawerenga nambalayo, n'kudumpha mtunda umenewo, n'kupeza kachidutswa kotsatira. Ndi ntchito ya kalaliki wachiwiri amene wabwera m'mawa mwake, n'kuyamba kukweza thumba lililonse kuti adziwe zimene zilimo.

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa ntchito yonse yagona pa fayilo yabwinoyo. Iyenera kuchokera m'kamera yomweyo, osati ina yofanana nayo dzina la kampani lokha. Makonzedwe akhale omwewo: ngati munajambula pa 1080p ndi zithunzi 30 pa sekondi, yachitsanzoyo ikhalenso choncho, osati 4K, osati 60, osati 25. Mtundu wa kapanikizidwe ukhale womwewo, ndi mawu omwe. Yabwino koposa ndi vidiyo ina imene munajambula tsiku lomwelo musanayambe kucheza ndi agogo, ngati ilipo pa khadi. Ngati palibe, tengani khadi lina, ndikubwereza, khadi lina, mujambule mphindi imodzi kapena ziwiri osasintha kalikonse pa kamera, muimitse bwinobwino ndi batani. Pojambulapo muziyankhula ndipo kamera iziona zinthu zoyenda, kuti chitsanzocho chifanane ndi vidiyo yeniyeni. Yachitsanzoyo ichoke pa khadi mwachindunji. Isadutse pa WhatsApp kapena pa pulogalamu yodulira mavidiyo, chifukwa zimenezo zimaipanikizanso mwa njira yawo ndipo imasiya kufanana ndi ya m'kamera.

Mukatsegula kawindo ka untrunc, pamwamba mumasankha fayilo yabwino, pansi yodwalayo, n'kudina Repair. Okonda kulemba malamulo alembe motere, yabwino patsogolo:

untrunc yabwino.mp4 agogo.mp4

Ikamaliza imasiya fayilo yatsopano m'foda yomweyo, yokhala ndi mawu akuti fixed m'dzina lake, ndipo yoyambayo siikhudza. Tsegulani yatsopanoyo pa VLC. Ngati yatuluka yaifupi, tinene mphindi zitatu zokha m'malo mwa 40, ndiye kuti pulogalamu inakumana ndi kachidutswa kamene sinakazindikire n'kuima. Yesaninso mutawonjezera -s patsogolo pa mayina a mafayilo, zimene zimaiuza kuti ikapeza chosadziwika izidumpha pang'onopang'ono mpaka ipezenso njira. Imachedwa, koma nthawi zambiri imafika patali. Ikakanabe, sinthani fayilo yachitsanzo musanataye mtima. Ndaonapo fayilo ikukana ndi chitsanzo chimodzi n'kutseguka yonse ndi china cha m'kamera yomweyo, kusiyana kwake kunali kakonzedwe kamodzi ka mawu kamene mwiniwake anaiwala kuti anasintha.

Ndikuuzeni mosabisa za mawu, poti kwa inu mawu a agogo ndiwo chuma kuposa zithunzi. Mawu ndi amene amavuta kwambiri pa ntchito imeneyi. Makamera ambiri amasunga mawu mu mtundu wa AAC, ndipo zidutswa za AAC zikakhala mu MP4 sizikhala ndi nambala yonena kutalika kwake ngati mmene zilili zithunzi. Pulogalamu imayenera kuyesa kumasulira kachidutswa kalikonse kuti idziwe pamene kathera, ndipo ikaphonya kamodzi, mawu amatha kudumpha, kulira ngati wailesi yosagwira bwino, kapena kutsalira m'mbuyo milomo ili patsogolo. Makamera amene amasunga mawu osapanikiza, a mtundu wa PCM, savuta chonchi. Choncho mukapeza fayilo yokonzedwa, musangoona poyamba n'kusangalala. Mvetserani pa mphindi yoyamba, ya 10, ya 25, ndi kumapeto. Ngati mawu akumveka bwino, apatuleni nthawi yomweyo muwasunge paokha (lamulo ili ndi la mawu a AAC):

ffmpeg -i agogo_fixed.mp4 -vn -c:a copy mawu.m4a

Ngati mawu ndi athunthu koma sakugwirizana ndi milomo, limenelo ndi vuto laling'ono. Pulogalamu iliyonse yodulira mavidiyo, monga Shotcut imene ndi yaulere, imalola kulekanitsa mzere wa mawu n'kuukankhira kutsogolo kapena m'mbuyo. Funani pamene agogo akutchula mawu oyamba ndi "b" kapena "m", pamene milomo ikutsekeka, mugwirizanitse pamenepo. Ngati kusiyanako kukukulirakulira vidiyo ikamapita, ndiye kuti liwiro la zithunzi la chitsanzo chija silinafanane ndi la vidiyo yanu, ndipo ndi bwino kubwerera kukatenga chitsanzo china.

Masekondi omaliza musawayembekezere. Kamera imasunga zimene yangojambula m'chikumbumtima chake kwa kanthawi isanazilembe pa khadi, ndipo zimene zinali m'menemo pamene moto unatha zinapita.

Fayilo yokonzedwa nthawi zina imatseguka pa VLC koma n'kumakana pa foni kapena pa TV. Ipatseni chotengera chatsopano popanda kukhudza zamkati:

ffmpeg -i agogo_fixed.mp4 -c copy -movflags +faststart agogo_yatsopano.mp4

Lamulo limeneli silichepetsa ubwino wa zithunzi chifukwa limangosamutsa katundu, ndipo mawu akuti faststart amaika kalozera kumayambiriro kwa fayilo. Ikamadodomabe, idutsitseni pa pulogalamu ya HandBrake kuti ipanikizidwenso yonse. Pamenepo ubwino umatsikako pang'ono, ndiye musataye imene yachokera ku untrunc.

Funso lanu layankhidwa, koma ena owerenga ali ndi vidiyo yokana kutseguka pa zifukwa zina, ndipo untrunc singawathandize. Ena mwa mafayilo amene anthu amati awonongeka sanawonongeke n'komwe. Mafoni ambiri atsopano amajambula mu H.265, imene imatchedwanso HEVC, ndipo makompyuta ena a Windows satha kuionetsa popanda kuwonjezera kapulogalamu kake. Chizindikiro chake ndi chakuti mawu akumveka koma chithunzi ndi chakuda, kapena vidiyo ikuonetsa bwino pa foni koma osati pa kompyuta. Yesani VLC, ndipo pulogalamu ya MediaInfo idzakuuzani mtundu wa zimene zili mkati. Ena fayilo yawo inaduka poikopera kapena poitsitsa pa intaneti. Yerekezerani kukula kwake ndi kwa yoyambirira, ndipo ngati zasiyana ingokoperaninso. Apa pali msampha wakale: fulashi kapena khadi lofomatidwa mu FAT32, njira yakale yosanjira mafayilo, silingasunge fayilo yoposa 4 GB. Yanu ya 5.6 GB, Mayi, musayese kuiika pa fulashi yotero. Makhadi oposa 32 GB amabwera ndi exFAT, imene ilibe malire amenewa.

Palinso vidiyo imene imatseguka koma pakati n'kuyamba mabokosimabokosi, mitundu yobiriwira kapena yotuwa, nkhope kusungunuka kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kenako n'kubwerera mwakale. Chifukwa chake ndi chakuti vidiyo sisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu chimodzi, chimene amachitcha keyframe, ndipo zotsatira zake zimangosunga zimene zasintha. Kachidutswa kamodzi kakawonongeka, zithunzi zonse zodalira pamenepo zimatengera chilemacho mpaka chathunthu china chitafika. Apa kalozera ali bwino, wavulala ndi katundu. Chimene mungachite ndi kudula pamalopo kapena kupanikizanso vidiyoyo kuti isamaime, koma zimene zinatayika sizibwerera. Kuti mudziwe kuchuluka kwa malo ovulala, lamulo ili limawerenga fayilo yonse n'kulemba zolakwika zokha:

ffmpeg -v error -i vidiyo.mp4 -f null -

Vuto lolemerapo ndi la fayilo yoonetsa 0 KB, kapena yofufutidwa, kapena khadi lofomatidwa mwangozi. Pamenepa ntchito si kukonza fayilo koma kuifukula, ndipo m'pamene kope la khadi lonse lija limapulumutsa munthu. PhotoRec, yaulere, yolembedwa ndi Christophe Grenier, imasanthula khadi kufunafuna poyambira mafayilo osadalira kaundula. Pa zithunzi imachita bwino kwambiri. Pa mavidiyo imapunthwa, chifukwa makamera ambiri salemba vidiyo pa mzere umodzi. Ena amalemba mafayilo awiri nthawi imodzi, yaikulu ndi ina yaing'ono yoonera msanga, monga mafayilo a LRV a GoPro, ndiye zidutswa zake zimalukanalukana pa khadi. PhotoRec ikatola motsatizana imatulutsa fayilo ya kukula koyenera koma yosakanizika. Zotere zimafuna mapulogalamu odziwa kalembedwe ka kamera imeneyo, kapena katswiri. Ndipo chilichonse chimene mwafukula muzichisunga pa kompyuta, osati pa khadi lomwelo. Za vidiyo yofufutidwa m'kati mwa foni yamakono, chiyembekezo n'chochepa, chifukwa mafoniwa amabisa zonse ndi makiyi achinsinsi ndipo amayeretsa okha malo ofufutidwa. Yang'anani kaye m'foda ya zofufutidwa ndi ku Google Photos kapena iCloud.

Ndisaiwale makhadi achinyengo. Tsiku lina munthu anandibweretsera khadi lolembedwa 128 GB, akudandaula kuti mavidiyo oyambirira akutseguka koma onse a masana akukana. Mayina analipo, kukula kwake kunali koyenera. Nditatsegula imodzi pa HxD ndinapeza ziro kuyambira pamwamba mpaka pansi, ina chimodzimodzi. Khadilo linali laling'ono kwambiri mkati, koma linakonzedwa kuti lizinamiza kamera kuti ndi lalikulu. Malo enieni atadzaza, kamera inapitiriza kulemba m'malere, ikuganiza kuti zonse zili bwino. Ndinavutika kumuuza kuti palibe chokonza, poti zinthuzo sizinafikepo pa khadi. Khadi latsopano lililonse muziliyesa kaye ndi H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac. Mapulogalamuwa amadzaza khadi lonse n'kuwerenganso, ndiye muyese lisanakhale ndi kanthu kofunika.

Tibwerere ku funso lanu la kugula. Sindinena kuti mapulogalamu onse ogulitsa ndi achabe, ena ndi abwino ndithu, makamaka pa makamera a akatswiri ndi pa mavidiyo olukanalukana aja. Koma onetsetsani mmene amagwirira ntchito: pa vuto ngati lanu, pafupifupi onse amakupemphani fayilo yachitsanzo ya m'kamera yomweyo. Ndi nzeru yomwe ija ya untrunc, yavekedwa malaya okongola. Ndiye yambani ndi yaulere. Ikalephera, yesani yogulitsa imene imalola kuona zotsatira musanalipire, ndipo musakhutire ndi kachithunzi kamodzi kapena masekondi ochepa a poyamba. Onani ngati ikuonetsa kutalika kwa vidiyo yonse ndiponso ngati mawu akumveka. Pulogalamu yolonjeza kukonza vidiyo iliyonse mosalephera ikunama, chifukwa mwaona nokha kuti pa ziro palibe chotola. Mawebusaiti amene amati mutumize fayilo kuti akukonzereni, kumbukirani kuti mukupereka nkhani za m'banja mwanu kwa anthu osawadziwa. Werengani kaye zimene amachita ndi mafayilo akamaliza.

Agogo akadzakhala ndi mphamvu tsiku lina n'kufuna kupitiriza, muziimitsa kamera pakatha mphindi 10 zilizonse n'kuyambanso, kuti kalozera azilembedwa pafupipafupi. Ngati kamera imalola, ilumikizeni ku magetsi. Pambali muike foni izijambula mawu okha, pafupi ndi pamene akhala. Amene amajambula pa kompyuta ndi pulogalamu ya OBS asankhe chotengera cha MKV m'malo mwa MP4 wamba, chifukwa MKV imatsegukabe ngakhale kompyuta itazima pakati, ndipo kuisandutsa MP4 pambuyo pake ndi ntchito ya masekondi.

Mukayesa zonsezi n'kukanika, ndilembereninso, koma vidiyoyo musatumize. Munditumizire mizere imene ffprobe yatulutsa pa fayilo yodwala ndi pa yachitsanzo, dzina ndi mtundu wa kamera, chithunzi cha tsamba loyamba la HxD, ndi mizere yomaliza imene untrunc inalemba pamene inaima. Khadilo likhalebe lokhoma, m'kabati, mpaka titamva mawu a agogo.